Munda wa Zomera za m'Cipululu

 Nkhani yathu ya madzulo ano ndi ya munda wacilendo, munda umene olima ace amaopa madzi koposa kuopa cilala. Mau amenewa ndi obvuta kuwalandira kwa ife alimi a cimanga, amene mwezi wa Novembala timakhala maso ali kumwamba kuyembekeza mitambo. Koma ziripo zomera zimene zinazolowera ludzu, ndipo munthu wofuna kuzilima ayenera kuyamba waiwala zambiri zimene dimba linamphunzitsa.

Kumwera ca kumadzulo kwa dziko la United States kuli cigawo cochedwa Arizona, ndipo mzinda wace waukulu ndiwo Phoenix. Mzinda umenewu unamangidwa m'cipululu ca Sonora. Mvula ya caka cathunthu kumeneko ndi monga mamilimita 200, pamene kuno ku Lusaka timalandira monga mamilimita 800. M'zaka za m'ma 1930 mzindawo unalikukula, ndipo anthu analikuzula zomera za m'cipululu monga zinyalala kuti apeze malo a nyumba ndi minda. Munthu wina wa ku Sweden wodziwa za zomera, dzina lace Gustaf Starck, anasonkhanitsa anzace amene zimenezi zinawamvetsa cisoni. Mai wina wacuma, Gertrude Webster, anawathandiza ndi ndalama. Ndipo m'caka ca 1939 anatsegula munda wochedwa Desert Botanical Garden, pakati pa matanthwe ofiira a Papago Park. Malo ace ndi maekala 140, ndipo zomera zace zipitirira 50,000.

Kodi munda wotere usiyana bwanji ndi munda wa maluwa wa pakhomo? Usiyana m'mabuku. Comera cikalowa m'munda wosungiramo mitundu ya zomera, cimapatsidwa nambala, monga ng'ombe ya padibi. M'buku amalemba dzina lace, kumene cinatengedwa, pa nthaka yotani, ndi caka cimene cinafika. Alendo ambiri amapitirira tizikwangwani timeneti osawerenga, maso ali pa maluwa. Koma ine ndiyesa kuti nchito yeniyeni ya mundawo iri pamenepa, pakuti wodziwa kwao kwa comera wadziwa kale madzi ace, dzuwa lace ndi nyengo imene cimagona.

Tsono tiyambe tazilekanitsa zomerazi, pakuti ambiri amazisokoneza. Zonse zimene zimasunga madzi m'thupi mwao, kaya m'masamba, kaya m'tsinde, kaya m'mizu, tizicha zomera zosunga madzi. Mwa izi muli mtundu umodzi waukulu wochedwa kakitasi. Kwao kwa akakitasi ndi ku America, kuyambira ku Canada kufikira kumwera kwa Argentina. Mmodzi yekha, wochedwa Rhipsalis, wolendewera pa mitengo monga zingwe, amapezeka wodzimerera yekha kuno ku Africa. Cotero mitengo yaminga yonga zoikapo nyali imene muiona pa zulu ndi pa matanthwe m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi si kakitasi iai, cinkana ifanana naye. Imeneyo ndi abale a nkhadze. Njira yozindikirira ndi yapafupi. Kandani khungu lace: mukaona utomoni woyera ngati mkaka, ameneyo ndi mbale wa nkhadze. Kakitasi weniweni ali ndi timaso tating'ono taubweya pathupi pace, ndipo minga, maluwa ndi nthambi zimaturuka pa timaso timeneti. Khonje nayenso ndi wosunga madzi, wa banja la agave, ndipo kwao ndi ku Mexico ngakhale takhala naye zaka zambiri.

Nanga zimakhala bwanji ndi moyo kumene mvula ingathe kusowa miyezi yambiri? Tsamba liri lonse liri ndi timabowo tosaoneka ndi maso, timene comera cimapumira. Cimanga cimatsegula timabowo tace usana, ndipo madzi ambiri amathawira pomwepo; ndico cifukwa cace masamba a cimanga amapindika pa ng'amba. Kakitasi amacita mosiyana. Usana amatseka timabowo tonse. Usiku kukazizira ndipo amatsegula, nakoka mpweya, nausunga m'thupi mwace monga madzi owawasa. Kukaca, mothandizidwa ndi dzuwa, amapanga nao cakudya zitseko ziri zotseka. Nanazi amatero, khonjenso amatero. Njira imeneyi imasunga madzi, koma iri ndi mtengo wace: comera cotere cimakula mocedwa, ndipo sicitha kumwa madzi ambiri tsiku ndi tsiku. Madzi akakhalitsa pa mizu, mizuyo imasowa mpweya, niola, ndipo kuola kumakwera m'tsinde kufikira comera conse cisanduka phala. Cobvuta ncakuti kakitasi woola mizu amafota monga wakumva ludzu, ndipo mwini wace, pomumvera cifundo, amaonjezanso madzi.

Mfumu ya munda wa ku Phoenix ndiye kakitasi wochedwa saguaro, amene amamera m'cipululu ca Sonora mokha. Inu amene munaonapo zithunzi za akanema a okwera pa akavalo mumdziwa: mzati wautali wobiriwira wa mikono yoloza kumwamba. Amatalika mamita 12 kapena kuposa, nakhala zaka 150, ena kufikira 200. Koma ciyambi cace ncomvetsa cisoni. Mbeu yace ndi yaing'ono ngati ya bonongwe, ndipo mwa zikwi zambiri zimene zimagwa, zimene zimapulumuka nzowerengeka: zokhazo zimene zagwera pansi pa mtengo wina, kawirikawiri wochedwa palo verde, umene umazichinjiriza ku dzuwa ndi cisanu monga mlezi. Atatha zaka 10 saguaro safika utali wa cala. Mkono woyamba umaturuka ali ndi zaka 50 kapena 70, kwinanso mocedwa koposa. Munthu wobzala saguaro ku mbeu sadzaona mikono yace, adzaiona adzukulu.

Thupi lace liri ndi mizere yokwera ndi kutsika monga malata a denga. Mvula ikagwa, mizu yace, imene yayala pafupi ndi pamwamba pa nthaka kutali monga utali wa mwini wace, imamwa msanga madzi asanaume, ndipo mizere ija imatambasuka, thupi nilinenepa. Pa cilala limabwerera pang'onopang'ono. Saguaro wamkulu wokhuta madzi amalemera matani angapo. Agogomole amaboola zisa m'thupi mwace, ndipo akacoka mumalowa akadzidzi ang'ono. Maluwa ace oyera amatseguka usiku, nacezeredwa ndi mileme, m'mawa mwace njuci ndi njiwa. Anthu a mtundu wa Tohono O'odham, eni dziko akale a cipululu cimeneco, amathyola zipatso zace mwezi wa Juni ndi ndodo zazitali zopangidwa ndi nthiti za saguaro wakufa, naphika manyuci ndi cakumwa ca pa mwambo woitana mvula.

Ngakhale mfumu yotere iri ndi malire. M'caka ca 2023 mzinda wa Phoenix unakhala masiku 31 otsatana kutentha kwa usana kulikufika madigiri 43 kapena kupitirira, ndipo usiku wina sikunatsike pansi pa madigiri 36. Osunga mundawo anaona asaguaro ena alikugwetsa mikono, ena kugwa athunthu. Kumbukirani zimene tanena, kuti comeraci cimapuma usiku kukazizira. Usiku ukakana kuzizira cimataya madzi ndi mphamvu, nicifooka m'kati pamene kunja cioneka cabwino.

Tibwere tsopano ku kalimidwe. Coyamba ndi nthaka. Makande a kudambo, amene amakondweretsa mpunga ndi nzimbe, kwa zomera izi ndi manda. Zimafuna nthaka imene madzi amapitirira msanga: mcenga wokhakhala wa kumtsinje, timiyala tating'ono, ndi dothi lacabe pang'ono. Mcenga wosalala ngati ufa suthandiza, pakuti ukasakanizika ndi dothi umauma gwa ngati njerwa. Manyowa a m'khola asacuruke. Amakulitsa comera mofulumira, thupi lace nilikhala lofewa, losacedwa kuola. Olima minda yotere amaunda nthaka monga ife tiundira mitumbira ya mbatata, nabzala pamwamba, kuti madzi atsikire kumbali. Pakhosi pa comera, pamene tsinde likomana ndi nthaka, amathirapo timiyala, osati udzu kapena masamba, kuti pakhale pouma. Ndipo comera sicikwiriridwa kupitirira pamene cinalekeza kale.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Khungu la kakitasi la mbali imene dzuwa limaomba kwambiri limakhwima koposa la mbali inayo. Cifukwa cace, asanamzule, alimi a ku Arizona amaika cizindikiro ku mbali ya kumwera, kuti pomubzalanso ayang'ane komwe anayang'ana kale. Akamtembenuza, mbali yanthete imapsa, nikhala ndi cipsera cosatha. Kuno kwathu, popeza tiri kumwera kwa dziko lapansi, miyezi yambiri dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo mbali yoika cizindikiro ndi imeneyo. Comera cocokera mumthunzi cimafuna kuzolowezedwa dzuwa pang'onopang'ono, pocifunditsa nsaru yopyapyala masabata oyamba.

Mizu imene yaduka pozula isakwiriridwe iri yaiwisi. Comera cigone pamthunzi pouma masiku angapo, zironda zipole, ndipo cikabzalidwa cisathiriridwe kufikira patapita sabata kapena awiri. Cimodzimodzi ndi nthambi zodula: zimasiyidwa kufikira podulapo patauma, nizizikidwa mu mcenga wouma, ndipo zimaturutsa mizu ndi madzi a m'thupi mwao. Kwa ife ozolowera kuoka fodya ndi tomato, amene timathamanga ndi cithini ca madzi mbande isanafote, dzanja limayabwa. Koma liyenera kupirira. Ponyamula comera caminga amacikulunga ndi manyuzipepala opinda kapena cidutswa ca mkeka wakale.

Za kuthirira, lamulo lace ndi lalifupi: thirirani kwambiri, kamodzikamodzi, ndipo musabwereze nthaka isanaume kufikira pansi. Koma funso lalikulu ndi lakuti, mwezi uti? Apa ndi pamene buku lija ligwira nchito, pakuti zipululu sizifanana. Cipululu ca Sonora cimalandira mvula kawiri pa caka, ya mawawa m'nyengo yozizira ndi yamabingu m'nyengo yotentha. Cipululu ca Chihuahua ku Mexico cimalandira yambiri m'nyengo yotentha. Kumadzulo kwa South Africa, ku Namaqualand, mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo zomera za kumeneko zimagona m'nyengo yotentha. Ukazithirira ziri m'tulo, zimaola. Munda wa Karoo Desert National Botanical Garden, umene unayamba m'caka ca 1921 ku Whitehill nusamukira ku Worcester m'caka ca 1945, umasunga zambiri za mtundu umenewu. Pakati pa zomera za kumwera kwa Africa pali tina tochedwa Lithops, tofanana ndi nsangalabwi kotero kuti mbuzi imatipitirira. Kali konse kali ndi masamba awiri okha. Caka ndi caka masamba atsopano amamera m'kati, namwa madzi a masamba akale kufikira akalewo atsala ngati pepala, ndipo nthawi yonseyo wolima sathira dontho. Cotero m'munda wosungiramo mitundu, zomera za nyengo imodzi zimabzalidwa pamodzi, ndipo zimene sizingapirire mvula ya pamalopo zimakhala m'miphika pansi pa denga.

Adani aliponso. Tizirombo toyera ngati thonje timabisala pakati pa minga ndi pa mizu, niticayamwa comera. Nyerere zikacuruka pa comera, funafunani timeneti. Pa akakitasi a masamba aphanthiphanthi pamakhala kacirombo kena koyera, kamene ukakatswanya kamaturutsa madzi ofiira. Anthu a ku Mexico anakaweta kuyambira kale kuti apeze utoto wa nsaru. Agave ali ndi nankafumbwe wace wamkulu amene amaboola pamtima. Koma mukaona agave waturutsa mlongoti wautali wa maluwa nayamba kuuma, musanene kuti wadwala. Mitundu yambiri ya agave imacita maluwa kamodzi kokha nifa, kusiya ana m'mbali, monga momwe mumaonera pa khonje.

Nanga phindu la zonsezi nciani kwa munthu wamba wa mu mzinda? Anthu amene anasamukira ku Arizona kucokera ku zigawo zamvula anafika ndi cikondi ca kapinga, nabzala kapinga pakhomo pali ponse m'dziko losowa madzi. M'mizinda yotere madzi oposa theka a panyumba amathera panja. Gawo lina lalikulu la madzi a kumeneko limacokera ku mtsinje wa Colorado, umene zigawo zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi Mexico zimagawana, ndipo kuyambira caka ca 2000 cilala cacepetsa madzi m'madamu ace. Tsono minda yonga wa ku Phoenix inasanduka sukulu. Munthu amayendamo, naona comera citakula msinkhu wace wonse, nadziwa malo amene cidzafuna pakhomo pace patapita zaka 20. Amaona mitengo yopatsa mthunzi yosafuna madzi ambiri. Nagula mbande zoleredwa ku mbeu. M'caka ca 1981 a zamadzi a mzinda wa Denver anapatsa kakonzedwe kotere dzina lakuti xeriscape. Ku Las Vegas eni nyumba amalipidwa ndalama akazula kapinga, ndipo m'caka ca 2021 cigawo ca Nevada cinaika lamulo locotsa kapinga wongokometsera wa m'mbali mwa miseu ndi pa maofesi, amene munthu sapondapo.

Ena anamva molakwa, nathira miyala yokhayokha pabwalo ponse ndi kakitasi mmodzi pakati. Bwalo lotere limatentha ngati ciwaya, ndipo nyumba imatentha nalo. Cipululu ceniceni siciri cotero. Ciri ndi mitengo, zitsamba ndi maudzu, cina cilikuchinjiriza cinzace, monga taona pa saguaro ndi mlezi wace. Okonza bwino amayamba ndi mitengo ya mthunzi, nakumba timaenje tosaya tolandira madzi a padenga, naika zosunga madzi pa mitumbira pamene madzi safika.

Kukondedwa kwa zomerazi kwabweretsanso tsoka. Popeza zimakula mocedwa, anthu osapirira amakazula zazikulu kuthengo. Akatswiri atawerenga mitundu yonse ya kakitasi, analengeza m'caka ca 2015 kuti mitundu 31 mwa 100 iri yonse iri pa ngozi ya kutha, ndipo cimodzi ca zifukwa zazikulu ndi malonda akuba. Ku Arizona kuzula saguaro popanda cilolezo ndi mlandu, ndipo pangano la maiko la CITES limayang'anira kuturutsa akakitasi kunja kwa dziko. Ku South Africa, kuyambira monga caka ca 2019, akuba azula tizomera ta ku Namaqualand tosawerengeka kukagulitsa kutsidya kwa nyanja, ndipo tambiri timene apolisi alanda timakasungidwa m'minda ya boma. Kakitasi wozungulira wa minga yacikasu, Echinocactus grusonii, amene lero apezeka m'minda ya maiko ambiri, kwao ku Mexico watsala wocepa, pakuti damu la Zimapán linamiza cigwa cace m'zaka za m'ma 1990. Munda wa Huntington ku California, umene gawo lace la cipululu linayambidwa ndi William Hertrich zaka zoposa 100 zapitazo, uli ndi mazana a akakitasi amenewa, ena oleredwa ku mbeu caka ca 1915 cisanafike.

Tsoka lina ndi lotembenuka: comera cosowa kwao cingathe kukhala mliri kwa eni. Kakitasi wa masamba aphanthiphanthi wochedwa Opuntia, amene zipatso zace ena a inu munadyapo, anatengedwa kupita ku Australia kukacita mpanda. Pofika caka ca 1925 anali atadzaza mahekitala monga 24 miliyoni, alimi nathawa minda yao. Anagonja pamene boma linamasula njenjete ya ku Argentina yochedwa Cactoblastis m'caka ca 1926, imene mphutsi zace zimadya m'kati mwa masamba. South Africa inabvutika cimodzimodzi. Tsamba limodzi la Opuntia lotayidwa kudzala limamera, cotero zodula zace ziyenera kuumitsidwa ndi kutenthedwa, kapena kukwiriridwa pansi penipeni.

Kwa ife a ku Zambia, amene dzinja lathu ndi la mvula yambiri ndipo cilimwe ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri youma, akakitasi a m'zipululu zouma kwambiri amafuna mtumbira wautali kapena mphika wa pakhonde. Koma tiri nazo zathu zimene zinazolowera kale nyengo ziwirizi, makamaka aloe, amene ambiri m'matauni amcha tembusha. Pafupi nafe, monga makilomita 40 kumpoto ca kum'mawa kwa Harare, pali munda wa Ewanrigg, umene mlimi wina, Harold Basil Christian, anasonkhanitsamo mitundu yambiri ya aloe, nausiyira dziko pa imfa yace m'caka ca 1950. Mtundu wina wochedwa ndi dzina lace, Aloe christianii, umamera wokha m'thengo la kuno kwathu, maluwa ace ali pa phesi lalitali lopitirira udzu. Aloe ambiri amacita maluwa mwezi wa Juni ndi Julayi, pamene kapinga wauma ndi madzi a m'mipope acepa, ndipo asongwe amadzazana pa iwo kumwa uci. Wofuna kuwabzala apemphe ana kwa mnansi amene ali nao, kapena afese mbeu mu mcenga, osapita ndi khasu kuphiri.

Liu limodzi kwa amene adzabzala abale a nkhadze. Utomoni wao umaocha khungu, ndipo ukalowa m'diso ungathe kulicititsa khungu. Musawaike pafupi ndi posewerera ana kapena m'mbali mwa njira ya kucitsime. Podula, imani kumene mphepo icokera, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanakhudze kumaso. Utomoni ukalowa m'diso, litsukeni ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, osalitikita, ndipo pitani kucipatala tsiku lomwelo.

Sabata yamawa, nthawi yonga ino, tidzakamba za kafesedwe ka mbeu za aloe.